Kodi mayi wopeza m'nkhani ya ana ayenera kukhala woipa kotheratu?

NaPhiri_Chilomoni
Ndikupempha nzeru kwa anzanga olemba, aphunzitsi ndi makolo amene muli pagulu pano. Ndakhala ndikulemba kankhani ka ana a zaka 8 mpaka 10, kokamba za mtsikana wotchedwa Tadala amene mayi ake adamwalira ndipo bambo ake adakwatira mkazi wina. Mayi wopezayo ndidamulemba wankhanza kuyambira tsamba loyamba mpaka lotsiriza. Amamudzutsa mwanayo kusanache kuti akaime pamzere wa madzi, amamuchapitsa zovala za banja lonse, ndipo tsiku la nyama amamupatsa msuzi wokha. Nditamaliza ndidapereka zolembazo kwa achemwali anga aakulu, amene akulera ana awiri a amuna awo ku Machinjiri kwa zaka 6 tsopano. Adandibwezera mapepalawo nkhope ili yakugwa, ndipo adangofunsa kuti, "Ana angawa akadzawerenga bukuli azidzandiona bwanji?" Ndidawayankha kuti mwana amafuna woipa aoneke kuti ndi woipa ndipo wabwino aoneke kuti ndi wabwino, koma usiku umenewo tulo sitidabwere. Kodi polembera ana tiyenera kupeputsa makhalidwe a ampangankhani, anthu a m'nkhani, mpaka pati? Nanga akuluakulu, iwo tiwalembere mosiyana motani?

Mphunzitsi_Ndirande
Mayi NaPhiri, musafulumire kudziona olakwa. Ndaphunzitsa Sitandade 3 ndi 4 kwa zaka 14, ndipo ndimaona tsiku ndi tsiku mmene mwana amagwirira nkhani. Mukamuwerengera nkhani ya anthu anayi, aliyense ali ndi makhalidwe atatu otsutsana, pofika kumapeto amakhala atataya njira, ndipo mukafunsa kuti adayamba kulakwa ndani, palibe dzanja limene limakwera. Mwana amafuna pogwira pamodzi. Fisi ndi wadyera, Kamba ndi wodekha, Mkango ndi wolusa, ndipo chifukwa cha chimenecho mwana amatha kupita kunyumba n'kukafotokozera mng'ono wake nthano yonse osaphonya. Muganizirenso kuti m'kalasi mwanga buku limodzi amagwirira ana atatu kapena anayi, ndipo wina amakhala akuvutikabe kulumikiza maphatikizo. Mphamvu zake zikathera pa kutchula mawu, sizitsala zoti n'kusanthulira mtima wa munthu.

Gogo_wa_ku_Bangwe
Aphunzitsi, pa Fisi ndi Kamba ndikugwirizana nanu, koma mwasiya Kalulu, amene ndiye mwini nthano zathu. Kumbukirani nthano ya chitsime. Kudagwa chilala, nyama zonse zidagwirizana zokumba chitsime, ndipo Kalulu yekha adakana. Madzi atatuluka, iye ankabwera ndi uchi kudzanyengerera mlonda, n'kumumanga, n'kutunga madzi mpaka kusamba momwemo, kufikira tsiku limene Kamba adamugwira. Tandiuzani, Kalulu ameneyu ndi wabwino kapena woipa? Ndi waulesi, ndi wabodza, ndipo adadya thukuta la anzake. Komatu ife tili ana, titazungulira moto n'kumayankha kuti "tili tonse", tinkasangalala naye pamene ankapusitsa alonda, ndipo tinkasangalalanso pamene adagwidwa. Palibe amene adasokonezeka. Mawa lake agogo athu ankatisimbira nthano ina imene Kalulu yemweyo adapulumutsa nyama zinzake kwa Mkango. Makolo athu adamupatsadi khalidwe limodzi, ndilo kuchenjera, koma adadziwa kuti kuchenjera kuli ngati mpeni, umasenda chinangwa komanso umacheka chala. Adzukulu anga a zaka 5 amazimva zimenezi popanda wowamasulira.

Mphunzitsi_Ndirande
Ndavomera, agogo. Kalulu ndidamudumpha, ndipo ana anga akalasi amamukonda kuposa nyama ina iliyonse. Komabe mwanena nokha kuti khalidwe lake ndi limodzi, ndipo apo ndi pamene ndaima.

Kalembera_Limbe
Ndikuona kuti aphunzitsi ndi agogo sali kutali kwenikweni, ndipo ndikufuna kuonjezera mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti funsoli si lathu lokha. Mlembi wa ku England, E. M. Forster, pokamba nkhani zake ku Cambridge mu 1927, adagawa ampangankhani m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la amene amamangidwa pa khalidwe limodzi, oti mukhoza kuwafotokoza m'chiganizo chimodzi, ndipo gulu lachiwiri ndi la amene amatha kudabwitsa wowerenga koma wowerengayo n'kukhulupirira kuti munthu angachitedi zimenezo. Chofunika kudziwa n'chakuti iye sadanyoze gulu loyambalo. Adanena kuti ampangankhani otere amazindikirika msanga ndipo saiwalika, komanso kuti anthu ambiri a m'mabuku a Charles Dickens ndi otere, chonsecho mabukuwo amawerengedwa ndi akuluakulu. Choncho kupeputsa si tchimo, ndipo si kwa ana okha.

Mfundo yachiwiri ndiyo imene ndikuganiza kuti yakhudza achemwali a NaPhiri. Makolo athu pofuna kudzudzula dyera adaliveka chikopa cha Fisi, ndipo adachita mwanzeru, chifukwa Fisi alibe mwana m'kalasi, ndipo palibe mwana amene amaweruka kusukulu n'kukapeza Fisi akumuphikira nsima. Mayi wopeza ndi wosiyana. M'kalasi la aphunzitsi a ku Ndirande muli ana amene akuleredwa ndi mayi wopeza, ena mwachikondi, ena mwankhanza. Mukatenga khalidwe limodzi loipa n'kuliika pa nyama, mwadzudzula khalidwelo. Mukaliika pa munthu amene alibe dzina lina koma "mayi wopeza", mwaloza chala gulu lonse la anthu amoyo.

Wolera_Ana_Chirimba
Zikomo a Kalembera, mwandiyankhulira. Ine ndidalowa m'banja ndikupeza mnyamata wa zaka 7. Chaka choyamba tinkakhala bwino, ankandiitana kuti amayi popanda womukakamiza. Tsiku lina adabwera kuchokera kocheza atamva nthano ya mwana wamasiye amene mayi wopeza ankamumana chakudya. Madzulo ake ndidaphika nkhuku, ndipo ndikugawa ndidaona mwanayo akuyang'anitsitsa mbale yake ndi ya mwana wanga wobereka, milomo ikugwedera, akuwerenga nthuli. Zidali zofanana, ziwiri uku ziwiri uku, koma adatenga nthuli imodzi n'kuitembenuza kuti aone ngati idali fupa lokha. Sindidamukalipire, koma nditalowa kuchipinda ndidalira. Padatenga miyezi kuti asiye kuwerengako. Ndikupempha olemba kuti pamene mukusankha mpangankhani woipa muzikumbukira kuti nkhani yanu imatsatira mwana mpaka pamphasa yodyera.

Mnyamata_wa_Mbayani
Amayi a ku Chirimba, ndikumva chisoni ndi zimene zidakuchitikirani, ndipo sindikukayika za mtima wanu. Koma mundilole ndiyankhule za mbali inayo, chifukwa ine ndidakulira kumeneko. Kuyambira ndili ndi zaka 9 ndinkagona m'khitchini pachiguduli, ana a mayi wondipezawo akugona pabedi. Ndikadandaula kwa akuluakulu ankandiuza kuti ndiwamvetse amayiwo, kuti ali ndi mavuto awo, kuti mwana sadzudzula wamkulu. Aliyense ankadziwa zifukwa zawo, koma palibe amene adanenapo poyera kuti zimene ankandichitazo zidali zoipa. Nthano ya mwana wamasiye imene ikudandaulidwayo ndi imene idandiuza koyamba kuti sindidali wolakwa. Ndikuopa kuti tikayamba kufewetsa munthu wankhanza, kumupezera zifukwa, mwana amene akuzunzika lero adzawerenga n'kuphunzira kuti ayenera kupirira mwakachetechete. Nthawi zina choipa chimafunika kutchulidwa dzina lake popanda kuchizungulira.

Wolera_Ana_Chirimba
Achimwene a ku Mbayani, pepani kwambiri. Zimene mudakumana nazo ndi nkhanza, ndipo ine sindikupempha kuti zibisidwe. Ndikupempha kuti mwana aone kuti nkhanzazo ndi za munthu ameneyo, osati za aliyense amene akulera mwana wosabereka yekha.

Wojambula_Zingwangwa
Pamene tikukamba za mawu, ndikumbutseko za zithunzi, chifukwa mwana amayamba kuona chithunzi asanawerenge chiganizo. Ine ndimajambula zithunzi za m'mabuku, ndipo kawirikawiri wolemba amandiuza kuti woipayo ndimujambule woopsa. Ndikafunsa kuti woopsa motani, yankho limakhala lakuti akhale nkhalamba yopanda mano, yowerama msana, yovala nsanza. Kodi tikamachita zimenezi tikuphunzitsa mwana kuopa chiyani? Tonse timamva nkhani za agogo amene amazunzidwa m'midzi powaganizira ufiti, chonsecho lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mwana amene waona m'mabuku asanu kuti nkhalamba yosauka ndiyo mfiti sadzavutika kutola mwala pamene anthu akukuwiza gogo wa m'mudzi mwawo. Masiku ano ndimajambula woipa ali wooneka bwino, wovala bwino, ndipo kuipako kumaoneka pa zimene manja ake akuchita.

Gogo_wa_ku_Bangwe
Mwana wanga wa ku Zingwangwa, Mulungu akudalitse. Ine ndatsala ndi mano ochepa, ndipo kamdzukulu ka mnansi wanga kadandithawapo tsiku lina kakulira, ndikungofuna kukapatsa nthochi.

Wa_ku_Dedza_mu_Soche
Nkhani ya nkhopeyi yandikumbutsa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe, lidamuzindikira mu 2005. Zilombo zambiri zimene zimatuluka pabwalo zimaonetsa khalidwe limodzi lokokomezedwa, kaya ulesi, kaya chiwerewere, kaya kudzikuza, ndipo nyimbo yake imanena za khalidwe lomwelo. Oonera amakhala ana ndi akuluakulu pamodzi. Mwana amaona mavinidwe n'kugwira phunziro lapamwamba, pamene wamkulu amamva mawu okuluwika a m'nyimbo ndipo nthawi zina amadziwa kuti wodzudzulidwayo ndi iye mwini. Chilombo chimodzi chimayankhula kwa mibadwo iwiri nthawi imodzi, ndipo palibe munthu wa m'mudzi amene watchulidwa dzina. Izi zikugwirizana ndi zimene a Kalembera anena za chikopa cha Fisi.

NaPhiri_Chilomoni
Zikomo nonse. Ndikuwerenga mosamala, ndipo mawu a achimwene a ku Mbayani andigwira mtima mofanana ndi a amayi a ku Chirimba. Ndikupemphabe kuti tibwerere ku gawo lachiwiri la funso langa. Kodi kwa owerenga aakulu lamulo ndi lakuti mpangankhani aliyense akhale wozama?

Mkulu_wa_Mpingo_Chilobwe
Amayi, sindikuganiza kuti lilipo lamulo lotero, ndipo chitsanzo changa ndichitenga m'Malemba. Ku Sande sukulu timawauza ana za Davide mbusa wolimba mtima amene adagwetsa Goliati ndi mwala, ndipo timaimira pomwepo. Akakula amadzawerenga okha kuti Davide yemweyo adatenga Bateseba, mkazi wa Uriya, n'kukonza zoti Uriyayo aphedwe kunkhondo. Sitidawanamize anawo, tidangowapatsa gawo limene akadatha kusenza, ndipo gawo limenelo silidagwe pamene linalo lidabwera. Kumeneko ndiko kupeputsa kwabwino, kumene mwana akakula sanena kuti adamupusitsa.

Koma taonani chimene mneneri Natani adachita pa 2 Samueli 12. Popita kukadzudzula mfumu, munthu wamkulu wodziwa nkhondo ndi milandu, sadamutengere nkhani yozama. Adamusimbira za anthu awiri, wina wolemera wa nkhosa ndi ng'ombe zambiri, wina wosauka wa kamwana ka nkhosa kamodzi kamene ankakalera ngati mwana wake. Wolemerayo atalandira mlendo adalanda kankhosa ka wosauka uja n'kuphera mlendoyo. Anthu awiriwa alibe mayina, alibe mbiri, aliyense ali ndi khalidwe limodzi. Davide adapsa mtima n'kugamula mlanduwo, ndipo pamenepo Natani adamuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Akadayamba kufotokoza zifukwa za wolemera uja, mfumu ikadapeza pobisala. Choncho nkhani yopepuka imathanso kulasa wamkulu pamene yozama ikadalephera.

Kalembera_Limbe
Abambo a ku Chilobwe anena bwino, koma ndikufuna tisiyanitse fanizo ndi nkhani yaitali. Fanizo la Natani ndi la mphindi imodzi ndipo lili ndi chandamale chimodzi. Buku la masamba 150 silingayende ndi anthu otero okhaokha. Chimene chimandidandaulitsa m'nkhani zambiri za akuluakulu zimene ndimawerenga ndi kumvera m'Chichewa n'chakuti anthu ake timawadziwiratu asanatsegule pakamwa. Apongozi ndi amiseche, mwamuna wolemera ndi wachimasomaso, mtsikana wopita kutauni adzabwerera kumudzi akudwala, ndipo wa kumudzi ndi wosadziwa kanthu. Pamenepo wolemba sadapeputse pofuna kuthandiza wowerenga, wangotola munthu wopangidwa kale chifukwa kuumba wake n'kotopetsa. Komatu mabuku athu sadayambe chomwecho. Nthondo, buku la a Samuel Josia Ntara la mu 1933, limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, ali mnyamata wovuta ndi wosamva, mpaka kudzakhala mfumu ya mudzi ndi munthu wosinthika. Ngati wolemba wa nthawi imeneyo adakhulupirira kuti wowerenga Chichewa angatsate munthu amene akusintha, ife tilibe chifukwa chowachepetsera owerenga athu.

Mlangizi_wa_Kwacha
Ndikufuna kuikira umboni mfundo imeneyi kuchokera ku sukulu ya kwacha kumene ndimathandiza amayi ndi abambo kuphunzira kuwerenga. Ophunzira anga ena ali ndi zaka zoposa 50, adalera ana, adaika maliro, ena ndi ankhoswe a mabanja. Chifukwa chosowa zowerenga, tsiku lina ndidawabweretsera kabuku ka ana konena za mnyamata waulesi amene adalangidwa ndi mnyamata wakhama amene adalemera. Mayi wina atamaliza kuwerenga movutikira adatseka bukulo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine ndakhala wakhama moyo wanga wonse ndipo sindidalemere, bukuli likunama." Kuyambira tsiku limenelo ndidazindikira kuti kufewetsa chiganizo ndi kufewetsa munthu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ophunzira angawa amafuna mawu odziwika, ziganizo zazifupi ndi zilembo zazikulu, koma anthu a m'nkhani akhale ngati amene amakumana nawo kumsika ndi kubwalo la milandu. Nditawalembera ndekha katsamba kamodzi ka mayi amene adabisa ndalama za banki mkhonde pofuna kulipirira mwana wake mayeso, adakangana ola lathunthu, ena akuti ndi wakuba, ena akuti ndi kholo.

Mphunzitsi_Ndirande
Alangizi, mwandipatsa chinthu choti ndiganizire. Mwina zimene ndakhala ndikuzitcha kusokonezeka kwa ana nthawi zina zimachokera ku kuchuluka kwa anthu m'nkhani ndi kutalika kwa ziganizo, osati ku mtima wa mpangankhani. Ndikukumbukira kuti Namondwe Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023, ana anga ankasimba okha za anthu amene ankawadziwa ngati ovuta koma adathandiza kukumba ndi kusunga anzawo. Mtsikana wina adati, "Bambo aja amatithamangitsa pa mango awo, koma adatinyamula." Chiganizo chimenecho chili ndi "koma" pakati, ndipo adachinena mwana wa zaka 9. Komabe ndikuumirira kuti kwa ana "koma" akhale mmodzi, asakhale atatu.

Gogo_wa_ku_Bangwe
Apo tagwirizana, aphunzitsi. Mmodzi ndi wokwanira.

Mnyamata_wa_Mbayani
Ndikuvomera "koma" mmodziyo ngati aikidwa pamalo pake. Kunena kuti mayiyu ndi wankhanza koma ali ndi mantha a umphawi n'kosiyana ndi kunena kuti mayiyu ali ndi mantha, choncho nkhanza zake n'zomveka. Chiganizo choyamba chimamuonetsa mwana munthu, chachiwiri chimamutseka pakamwa. Mayi NaPhiri, ndikupempha chinthu chimodzi chokha, chakuti kumapeto kwa nkhani yanu Tadala asapepese. Ndawerengapo nkhani zambiri zimene mwana wozunzidwa ndi amene amagwada kuti pakhomo pakhale mtendere.

NaPhiri_Chilomoni
Ndakhala masiku awiri ndikulembanso, ndipo ndikufuna ndikuuzeni pamene ndafika. Nkhanza sindidazichotse. Tadala akudzutsidwabe kusanache ndipo akupatsidwabe msuzi wokha, chifukwa achimwene a ku Mbayani andikumbutsa kuti alipo mwana amene akufunika kuona zimenezi zitalembedwa. Koma mayi uja tsopano ali ndi dzina, ndi NaBanda, ndipo mawu akuti "mayi wopeza" akupezeka kamodzi kokha m'nkhani yonse. Ndaonjezera kachigawo kamodzi ka mizere isanu ndi umodzi. Usiku wina Tadala akudzuka kukamwa madzi ndipo akuona NaBanda atakhala pansi pafupi ndi kandulo, akuwerenga ndalama za mandasi katatu, kenako akuphimba nkhope ndi chitenje. Sindidafotokoze chilichonse, ndipo mmawa mwake NaBanda akumukalipira monga mwa masiku onse. Ndasinthanso mnansi amene amamuthandiza Tadala. Poyamba adali mphunzitsi, tsopano ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo amene nayenso akulera mwana wa mwamuna wake, ndipo ndi iyeyo amene akupita kukauza ankhoswe ndi azakhali a Tadala. Tadala sakupepesa. Chimene sindidaganizebe n'chakuti NaBanda asinthe kapena ayi, chifukwa ndikaganiza zoti asinthe patsamba lomaliza ndikuona ngati ndikunamiza ana.

Wolera_Ana_Chirimba
Mayi wa nyumba yoyandikanayo wandikwanira, achemwali. Bukulo likadzatuluka ndidzamugulira mnyamata wanga, ngakhale kuti tsopano ali ku sekondale.

Kalembera_Limbe
Pa kusinthako, musamukakamize. Munthu amene wakhala wouma mtima masamba 20 sangafewe pa chiganizo chimodzi, ndipo ana amazindikira msanga pamene wolemba akuthamangira kutseka nkhani. Ngati mukufuna kusiya khomo lotsegula, mupatseni kachinthu kamodzi koti achite ndi manja, osati mawu olapa. Akhoza kungoika nthuli m'mbale ya Tadala tsiku limene azakhali abwera kudzamutenga, osanena kanthu, ndipo wowerenga asadziwe ngati wachita chifukwa cha manyazi kapena chifukwa cha chisoni.

Mnyamata_wa_Mbayani
Nthuliyo ndikuilola, koma Tadala apitebe ndi azakhali ake.

Mphunzitsi_Ndirande
Mayi NaPhiri, ngati mungalole, nditumizireni zolembazo kumbali. Lachisanu ndili ndi nthawi yowerenga ndi ana a Sitandade 4, ndipo ndidzawawerengera mokweza popanda kuwauza kuti wolemba ndani. Sindidzawafunsa kuti aphunzirapo chiyani, chifukwa funso limenelo amaliyankha mongofuna kundisangalatsa. Ndidzawafunsa kuti NaBanda ankaganiza chiyani pamene adaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo mayankho awo ndidzawalemba monga momwe adzanenere n'kuwabweretsa pano Loweruka.

NaPhiri_Chilomoni
Ndatumiza kale, aphunzitsi. Achemwali anga a ku Machinjiri apempha kuti nawonso adzakhale kumbuyo kwa kalasi tsiku limenelo, ngati akulu a sukulu angalole.